Telala Amene Ankadikira Kuti Mnzake Ayambe Kuimba Foni

Panali mayi wina, telala, amene ankasoka m'kashopu kakang'ono pafupi ndi pokwerera basi. Nkhaniyi ndinaimva kwa munthu amene ankasoketsa zovala kwa iwo. Amuna awo anamwalira kalekale, ana awo awiri anakula n'kupita kutali. Munthu yekhayo amene ankamuuza za kumtima anali mnzawo wa paubwana, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ankaitanana kuti "asisi" ngakhale panalibe ubale.

Tsiku lina masana, ntchito itachepa, atelalawo ankangoyang'ana mu foni mwawo. Anaona kuti kwa miyezi ingapo, woimba anali iwo okhaokha. Mnzawoyo sanaimbepo ngakhale kamodzi. Zinawawawa mumtima.

Anauza mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu yawo kuti, "Ndasiya kuwaimbira. Ndione ngati angandikumbuke."

"Amayi, munthu sayesedwa choncho," anatero wa saluniyo. "Ngati mwawasowa, imbani. Ngati akukhumudwitsani, auzeni."

"Ine si mwana woti ndizichita kupempha kuti andikonde."

Sabata inatha, foni ili zii. Mwezi unatha. Posoka ankaika foni pambali pa makina. Ikalira ankasiya kupalasa msangamsanga, koma ankapeza kuti ndi kasitomala wofunsa za diresi lake. Anayamba kukumbukira tinthu takale: tsiku limene mnzawoyo anafika mochedwa pa maliro a amuna awo, tsiku limene anakasoketsa siketi kwa telala wina. Kalikonse kanasanduka umboni woti sankakondedwa. Akaweruka ankaphika chakudya cha munthu mmodzi n'kudya ataimirira.

M'mwezi wachinayi anaona mnzawoyo pamsewu, kunja kwa sitolo ya mankhwala. Aphunzitsiwo anali atagwira mkono wa amuna awo, amene ankayang'ana magalimoto kuti awoloke. Aphunzitsiwo anatembenukira kumene kunali atelala, nkhope osasintha, kenako n'kuwoloka. Atelala anabwerera kushopu.

"Mwaona?" anauza wa saluni uja. "Ndakumana nawo pamsewu, andiyang'ana ngati akuyang'ana khoma."

"Nanga inuyo munawapatsa moni?"

Tsiku lomwelo atelala anafufuta nambala ya mnzawoyo.

Patatha chaka, amuna a aphunzitsi aja analowa m'shopumo ndi mathalauza awiri oti achepetsedwe m'chiuno. Anali ataonda.

"Mwasowatu, alamu," bamboyo anatero.

"Tilipo. Asisi ali bwanji?" anafunsa mozizira, maso ali pa thalauza.

Bamboyo anawayang'ana modabwa. "Kodi simunamve? Maso aja anatheratu. Shuga."

Atelala anaika thalauza pansi.

"Nthawi imene munkaimba ija n'kuti atayamba kale kulephera kuona manambala pa foni. Ankachita manyazi kukuuzani. Mutasiya, tsiku lililonse ankandifunsa ngati foni yawo ili ndi moto. Ndikati ndikuimbireni ineyo, ankandiletsa. Ankati, 'Asiyeni. Ayenera kuti amva, ndiye akuopa kuti ndiwalemetsa.'"

"Ali kunyumba? Ndipite pompano."

"Mwana wathu wamkulu anawatenga mwezi watha. Ndi kutali, ulendo wa masiku awiri. Nanenso ndikuwatsatira sabata yamawa. Nyumba ija muli kale anthu ena."

Atelala anachita kupempha nambala kwa bamboyo, mwamanyazi. Anaimba ali chiimire. Anayankha ndi mwana uja, n'kupereka foni kwa mayi ake.

"Asisi, ndine."



"Mawu anu sanasinthe," aphunzitsiwo anatero chapansipansi.

"Ndikhululukireni. Sindinkadziwa. Ndinkaganiza kuti mwandiiwala."

"Chaka chathachi ndi chimene ndinkakufunani, asisi. Mdima utangoyamba ndinkachita mantha kwambiri. Panopa ndazolowera."

Anafunsana za ana ndi za mvula, ngati anthu ongokumana pa basi, kenako mawu anawathera. Mphindi ziwiri sizinakwane.

Mayi aja akusokabe mpaka lero. Amaimba foni mwezi ndi mwezi, ndipo mnzawoyo amayankha mwaulemu. Masiku ano shopu yawo imatsegulidwa ngakhale Lamlungu. Anthu amati ndi olimbikira ntchito, koma iwo anauza wa saluni kuti kushopu n'kwabwino chifukwa amamvako anthu akudutsa.

Phunziro: Osamuyesa munthu pomukhalira chete. Mukakhala chete, mutu wanu umayamba kupeka nkhani, ndipo mumazikhulupirira ngati mwaziona ndi maso. Amene mukuti wakutayaniyo mwina ali m'mavuto amene akulephera kuwatchula, ndipo nayenso akudikira inuyo. Ngati pali wina amene mwamusowa, muimbireni lero, musadikire kuti ayambe ndi iye. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka kwa uja mwatenga nthawi musanalankhule naye.