Mapulagi a Malemu Jethro

Bokosi la Jethro linali litakwezedwa kale, koma lole yake yakale ija inakana kulira. Unali m'mawa wa Juni ku Fort Jameson, chisanu chikuluma zala. Samson, mng'ono wa malemuyo, anapukusa handulo mpaka thukuta kamukamu.

"Alamu, yakana. Tikafika bwanji ku Chiparamba?"

Rosina, mkazi wa Jethro, anadzuka pamphasa nalowa kuchipinda. Anatuluka ndi mapulagi a injini ya loleyo okulungidwa m'kansalu. M'nyengo yozizira mwamuna wake ankawamasula madzulo aliwonse, iye n'kumawatenthetsa pambaula kukacha.

Anawatenthetsa monga mwa masiku onse. Samson anawamanga, napukusa kamodzi. Injini inalira.

Rosina anayang'ana manja ake odetsedwa ndi mwaye.

"Ndachitanji ine, alamu? Ikadangokana, bwenzi Jethro ataswera nane lero."