Loya Amene Analoweza Buku la Alamu Ake

Panali munthu wina, loya wa zaka khumi ndi zinayi pantchito, amene anzake ankamutcha Ndime. Dzinali linabwera chifukwa m'khoti ankatchula ndime za malamulo pamtima, buku lili chitsekere, mpaka woweruza ankavula magalasi kuti amuone bwino.

Tsiku lina abwana ake anamuitana. "Tikutsegula nthambi yoona za misonkho. Pitani kunja mukachite digiri yachiwiri ya malamulo a msonkho. Takupatsani chaka chimodzi chokha. Mukabwera ndi pepala, mpando ndi wanu. Mukabwera chimanjamanja, tipatsa mnzanu uja wa ofesi yoyandikana nanu."

Podzatsazikana naye, alamu ake anabwera ndi chibuku chonenepa ngati njerwa ziwiri. Iwo anaphunzira pasukulu yomwe Ndime ankapitayo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

"Alamu, chimene chinandikhozetsa ine ndi ichi. Pofunika ponse ndinadula kale mizere."

Ndime analandira ndi manja awiri.

Atafika kusukuluko anapeza zodabwitsa zambiri. Ophunzira ankatsutsana ndi pulofesa maso ndi maso, ndipo pulofesayo ankangoseka. Palibe ankaloweza kanthu. Aliyense ankamata timapepala tamitundumitundu m'mphepete mwa buku lake, ndipo funso likabwera, zala zinkathamanga kufunafuna tsamba. Anamvanso kuti pamayeso amaloledwa kulowa ndi buku. "Mayeso otsegula buku?" anadzifunsa. "Ndiye akuyesa mutu kapena chala?"

Tsiku loyamba pulofesa analemba pabolodi kuti aliyense akhale ndi buku la malamulo la chaka chimenecho. Ndime anayang'ana lake. Chikuto chinali chomwecho, dzina lomwelo. Anati lamulo ndi lamulo, siliwola.

Ankakhala pafupi ndi mayi wina wowerengera ndalama za makampani. Sabata yachitatu mayiyo anasuzumira m'buku lake.

"Achimwene, bukuli ndi la liti? Ndime ya lamulo mwatsegulayi m'buku langa mulibe."

"Osindikiza amangosuntha manambala, chemwali, kuti tizigula chaka ndi chaka. Ine makhoti ndawayenda."

"Makhoti mwayendadi, koma msonkho si mlandu wakuba. Kuba kunali kuba kuyambira kale. Msonkho nyumba ya malamulo imausintha chaka chilichonse. Tsabola wakale sawawa, achimwene."

Ndime anaseka. Komabe nkhaniyi inamukhala kumtima, moti anapita kulaibulale n'kuyerekeza mitu itatu yoyambirira ya mabuku awiriwo. Inali yofanana liwu ndi liwu. Woyang'anira laibulale, bambo wa imvi, anamuona akutseka.

"Bwana, mwaonako kutsogoloko? Kumene amakonda kusinthatu ndi kumeneko. Buku latsopano tingakubwerekeni mpaka mayeso."

"Zikomo, ndaona zokwanira."

Kuyambira pamenepo anadzitsekera m'chipinda chake, pakati pa bedi ndi katebulo, n'kuyamba kuloweza. M'kalasi pulofesa akatchula zosiyana ndi za m'buku lake, Ndime ankadabwa, n'kulemba kachizindikiro kafunso pambali. Tizizindikiroto tinachuluka mpaka kudzaza masamba, koma dzanja sanakwezepo. Ankaona kuti munthu wa zaka khumi ndi zinayi m'khoti sangafunse pamaso pa ana amene anamaliza sukulu dzana.

Tsiku la mayeso linafika. Funso lalikulu linali la kampani yogulitsa nyumba yake, ndipo kampaniyo inkafuna malangizo a msonkho woyenera kulipira. Anzake ali kalikiliki kutembenuza masamba, Ndime analemba osatsegula buku n'kamodzi komwe. Anamaliza woyamba, natuluka akuwongola tayi. Madzulo ake anaimbira akazi ake kuti ayambe kusoketsa diresi la tsiku lolandira digiri.

Patapita masabata awiri pulofesa anamuitanitsa. Pepala lake linali patebulo.

"Khalani pansi. Ndakuitanani chifukwa ndili ndi chidwi. Ndime iyi mwailemba yonse, osaphonya ngakhale mpumiro umodzi. Pa zaka zonse ndaphunzitsa sindinaonepo mutu wotere. Munaipeza kuti?"

Ndime anatulutsa buku la alamu ake monyadira. Pulofesa anatsegula tsamba loyamba, naloza chaka chimene linasindikizidwa.

"Ndimeyi inafafanizidwa zaka zinayi zapitazo. Ineyo ndinali m'gulu limene linalemba yolowa m'malo mwake. Kampani imene ingatsatire malangizo anuwa ingalipitsidwe chindapusa, kenako ingakusumireni inuyo."

"Koma mfundo zake ndalondola, apulofesa."

"Mwalondoladi, ndipo mukadalemba mayesowa pamodzi ndi mwini bukuli mukadakhala woyamba. Koma simunakhoze. Phunziroli mudzabwereza chaka chamawa."

Chaka chamawacho ndi chimene Ndime analibe. Anaimbira abwana ake kupempha kuti amuonjezere nthawi. Iwo anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anati nthambi singadikire, ndipo mpando aupereka kwa mnzake uja.

Ataimbira alamu ake kuti awadandaulire, iwo anati, "Pepani alamu. Koma inetu ndinakupatsani kuti muziona poyambira. Sindinanene kuti mulimeze."

Ndime anabwerera ku ofesi yake yakale. Lero nkhani ya msonkho ikamupeza, amanyamula fayilo n'kukagogoda pakhomo la ofesi ya mnzake uja, ndipo amadikira mpaka amuuze kuti alowe.

Phunziro: Ukafika pamalo pachilendo, khala ngati mwana wa sukulu ngakhale uli ndi imvi. Anthu atatu akakuuza chinthu chimodzi, imirira ufufuze mpaka kumapeto, osati masamba oyamba okha. Luso lako lakale ndi labwino, koma silikuchotsera udindo wofunsa ngati zimene ukudziwazo zikugwirabe ntchito. Tumizani nkhaniyi kwa ana anu, abale anu ndi onse amene akukonzekera kukaphunzira kutali, aiwerenge asananyamuke.