Kugogoda pa Dashibodi

Chimwalirireni mkulu wake Cipriano, Jordão ankatchuna yekha galimoto yawo ya mpikisano. Kale akamaiyesa, Cipriano ankakhala pambali kumvetsera injini. Ikayamba kulira ngati misomali m'chitini, ankagogoda dashibodi kawiri kuti Jordão achotse phazi pa chopondera mafuta isanaphulike.

Usiku wina Jordão anachepetsa petulo, nafulumizitsa moto wa mapulagi, n'kulowa msewu wa ku Mocuba. Turbo yowonjezera mphamvu ya injini itangoyamba kulira, dashibodi inamveka. Go, go.

Phazi linachoka lokha. Mumtima munangoti zii, ngati tsiku la maliro lija.

"Ndamva, achimwene," anatero, nabweza moto pang'ono.

Anayesanso. Injini inalira bwinobwino, msewu uli mbee.

Kugogoda kunabweranso, tsopano paphewa pake.