Foni ya Amalume Sinalire

Panali munthu wina ku Nkope, mnyamata wofatsa, dzina lake Yunus. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona. Yunus anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo atabwerera kwawo anayamba kupanga apu ya pa foni yothandiza asodzi. Ntchito ya apuyo inali imodzi basi: mwera ukamabwera foni izilira, anthu asalowe m'nyanja.

Anailemba kamodzi kuti izigwira pa mafoni a mitundu iwiri, iPhone ndi Android. Ya pa iPhone inatuluka bwinobwino. Iye anali ndi iPhone yakutha, yosweka galasi, imene anamupatsa mlendo wina pa loji ya ku Makokola komwe ankakapempha intaneti. Mlonda wa pamenepo ankamusungira mpando pamthunzi, osamufunsa kanthu. Koma ya pa Android, yomwe ndi mafoni a asodzi onse, inkakana. Akati aimalize, kompyuta inkalemba mizere yofiira n'kuima. Vuto linali pa kachigawo koliza foni.

Anaimbira Triza, mnzake wa ku koleji amene amagwira ntchito yomweyi m'tauni, n'kumutumizira chithunzi.

"Aise, kachigawo kakoka n'kakale, sikakugwirizana ndi zinazo," anatero Triza. "Ukonze modekha. Ukatha ukayese pa foni ya msodzi weniweni, osati kagalasi kako koswekako."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Sindikudziwa. Ukuthamangira kuti? Nyanja ikusamuka?"

Koma Yunus anali atalonjeza kale eni maboti kuti Lachisanu akatuluka mu mzikiti adzawaikira apuyo. Amalume ake, a Sulemani, anali atalengeza gombe lonse kuti mwana wa mlongo wawo watsekera mphepo m'foni. Ndiye anakafunsa pa gulu lina la pa intaneti. Anamuyankha munthu wosamudziwa, wopanda ndi dzina lomwe.

"Ingochotsa mizere ikuvutayo, ipita."

Anachotsa. Zofiira zija zinatha. Apu inatseguka, mapu a nyanja akuoneka mokongola. Anayesa pa iPhone yake, inalira, poti mizere anachotsayo inali ya Android yokha. Mumtima anati zochotsazo adzabwezera pambuyo pake. Triza analemba kufunsa ngati zatheka, iye anangoyankha kuti zili bho.

Lachisanu lija anthu anamuzungulira panja pa mzikiti, aliyense akumasula foni yake m'kajumbo ka shuga, poti asodzi amasunga choncho kuopa madzi.

"Ndiye ikakhala chete, tizilowa?" anafunsa a Sulemani.

"Ikakhala chete muzilowa, amalume."

"Alhamdulillah! Mawondo angawa ndi amene ankandiuza za mwera. Apume tsopano, akalamba."

Anthu anaseka. A Sulemani anamugwira paphewa, n'kumupatira usipa wouma kuti akapatse mayi ake.

Masiku anapita nyanja ili bata. Mafoni anali chete, ndipo anthu anati apu ikunena zoona. Yunus anatanganidwa ndi zina, mizere ija anaiwala.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, masana, ali pampando wake uja ku loji, iPhone inalira. Mwera wamphamvu ukubwera. Anamwetulira kuti ntchito yake ikugwira. Sanaimbire munthu aliyense, poganiza kuti mafoni onse ku Nkope alira.

Kugombe ena anayang'ana kumwamba n'kukoka maboti awo. A Sulemani anatulutsa foni m'kajumbo, anaiyang'ana, anaibwezera. Analowa ndi anyamata awo a ntchito.

Mwera unagubuduza boti, anyamatawo anapulumuka atakakamira zigubu. A Sulemani anawapeza asodzi a ku Chembe, atamwalira kale. Anthu amenewo sankawadziwa n'komwe, koma anawafunditsa nsalu yawo, n'kubwera nawo okha mpaka pakhomo.

Yunus ananyamula nawo jeneza, chithatha cha maliro. Anaponya nawo dothi. Misozi sinatuluke. Anthu ankamupatsa moni, iye n'kumayankha ngati akumva mawu ochokera chipinda china. Palibe anamunena. Mwina zikanakhala bwino akanamunena.

Atabwerako kumanda, a Mwanamvua, akazi a malemuwo, anamuitanitsa. Anali atakhala pamphasa, m'manja muli kajumbo ka shuga kaja. Mmodzi wa opulumuka ndi amene anabwera nako. Foni inali youma.

"Ndaitchajitsa, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Amalume ako ankati iwe ndiwe umadziwa za izi. Taona. Mwina inalira, iwo osamva chifukwa cha injini."

Yunus anaiyatsa. Apu inatseguka, mapu akuoneka mokongola ngati tsiku loyamba. Munalibe uthenga uliwonse. Akanatha kungovomera za injinizo, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Sinalire, azakhali. Sikanalira. Choliza ndinachotsa ndine."

A Mwanamvua anakankhira kapu ya tiyi kwa iye.

"Imwa, izizira. Chiyambire dzulo sunadye."

Anamwa. Sanamve ngati muli shuga kapena ayi.

Mawa lake anayenda gombe lonse, boti ndi boti, kupempha foni iliyonse n'kufufuta apu ija. Ena ankamupatsa osamuyang'ana. Atafika kunyumba anatsegula kompyuta, anabwezera mizere yonse imene anachotsa. Zofiira zija zinabweranso, zomwe zija, pamalo pomwe paja. Nthawi imeneyi anakhala pansi n'kuyamba kuziwerenga.

Phunziro: Chinthu chikamakuchenjeza, usachitseke pakamwa kuti ntchito ioneke yatha. Mvera amene akukudziwa, osati mlendo wokuuza zachidule, ndipo chimene wapangira anthu uchiyese m'manja mwa anthu omwewo. Abale anga, tumizirani ana athu amene akuphunzira ntchito zimenezi, ndi wina aliyense amene anthu amadalira ntchito ya manja ake.