Nkhokwe Yoiwala Maliro

Chibwerereni lamulo loti nkhokwe iliyonse izitsegulidwa ndi kompyuta, Nachisale sanaonepo mtendere. Kompyuta ya pakhomo pake inkazima yokha dzuwa likamaswa mtengo, ndipo poyakanso inkakhala itaiwala zonse za chaka chino.

Masana amenewo inazimanso iye ali ndi lichero m'manja. Anachita monga anamuphunzitsira mlamu wake Gwaza, wokonza makina: anatsegula kuseri, nazula memore, kachitsulo kosunga zimene kompyuta imakumbukira, nakapukuta ndi nsonga ya chitenje, kuuzira fumbi, n'kukabwezera.

Kompyuta inayaka. "Nkhokwe ino amatsegula ndi a Chikaonda," inatero. "Ali kuti?"

A Chikaonda, amuna ake, anaikidwa m'manda nthawi yokolola. Kuti kompyuta imvere mawu a mkazi wamasiye, ankayenera kuiuza za maliro onse, dzina, matenda ndi tsiku lomwe. Sabata imeneyo yokha anali atalengeza kale imfayo kangapo.

Gwaza anasuzumira pampanda. "Mlamu, memore imeneyo inatha ntchito. Yatsopano ibwera mvula ikagwa. Ingoiuzani basi, ana adye."

"Ndiwaphe kangati abale anuwa, alamu? Pakamwa panga patopa ine."

"Ali kuti?" inafunsanso kompyuta.

Nachisale anayang'ana lichero lopanda kanthu lija, kenako kanjira kolowera kudimba.

"Apita kudimba," anayankha. "Abwera posachedwa."

"Chabwino. Tiwadikira."

Nkhokwe sinatseguke. Nachisale anakhala pansi, natsamira chitseko chake, lichero pamiyendo, nayenso n'kuyamba kudikira.