Bokosi la Chiswe

Padangotero, kale nyama zikulima mapira, Nyani ndi Chiswe anakangana kuti mmisiri weniweni ndani pakati pawo. Njovu atatopa ndi phokosolo anati, "Njala ikubwera. Aliyense aumbe mosungira mapira. Amene mwake mudzalowe ambiri, ndiye tidzamusungitse mbewu ya mudzi wonse."

Nyani ankakhulupirira zimene maso aona. Anaumba timabokosi tadothi tisanu, kalikonse mkono umodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe. Chiswe anaumba limodzi lokha, mikono iwiri mbali zonse.

"Achimwene, limodzi basi?" anaseka Nyani. "Lanuli ndi tanga tiwiri chabe. Ine ndili nato tisanu!"

"Tiyeni tithire tione," anatero Chiswe.

Kabokosi kalikonse ka Nyani kanadzaza ndi dengu limodzi. Koma la Chiswe linameza madengu awiri ngati sanathiremo kanthu. Atathira anayi, mapira anangofika pakati. Apa Nyani kuseka kunamuthera. Bokosilo linadzaza pa dengu lachisanu ndi chitatu.

"Kodi mwakhwimira?" anafunsa Nyani.

"Iyayi. M'menemu tanuto tingakhale tinayi pansi, tinanso tinayi pamwamba pake. Inu munayang'ana litali lokha, n'kuiwala kuti lifupi ndi msinkhu zakulanso."

Nyani analizungulira bokosilo akulisisita, akupukusa mutu. Kenako anagwada pamaso pa kanyama kochepa kuposa chikhadabo chake.

"Aphunzitsi, mawa mundiyambitse ntchito. Dothi ndikaponda ndine."

Nthano yanga yaima pomwepa.