Giza Yapsa, Alamu Alipo

"Mayi, giza yanuyi ilibe vuto. Wina anangozimitsa swichi," wamagetsi ananong'ona ali pamakwerero.

"Winayo ndine," mayi wapanyumbapo anayankha. "Alamu anga anabwera kudzagona usiku umodzi, koma mpaka lero chikwama chidakali pano. Akalowa m'bafa amaimba nyimbo mpaka madzi otentha kutheratu. Ndithandizeni, bambo."

Wamagetsi anatsika nkhope ili ndwii. Anapita pabalaza pomwe mwamuna wa mayiyo ankaonera mpira ndi mchimwene wake, mlendo uja.

"Bwana, giza yapsa. Yatsopano ndi yodula, komanso lamulo silindilola kuilumikiza oyendera nyumba asanaone mawaya. Ndiye anthu amenewo kuti abwere, iii, mwina miyezi iwiri."

Mwamunayo anagwira mutu. Mayi anasuzumira chikwama chija akubisa mano.

Alamu anaimirira akupukusa mutu mwachisoni.

"Ine ndimati ndinyamuke mawa," anatero, "koma m'bale sathawa pamavuto. Ndikhala mpaka ikonzedwe. Alamu, poto wamkulu uja ali kuti? Nditenthetsereniko madzi ndisambe."